Tsiku Limene Anafunsa Bambo Anga

Kontirakiti yanga ndi timu ya basiketibo ya ku Blantyre inatha mvula itangosiya. Kochi anandiitanira pambali nati, “Tsopano ndiwe mfulu. Palibe timu ili ndi mphamvu pa iwe. Ukafuna kukhala, khala. Ukafuna kupita, pita.” Ndinaseka chamumtima. Kochiyo anakulira m'tauni, sankadziwa kuti mwana wamkazi wa kumudzi kwathu, kuseri kwa Nguludi, ufulu wake umathera pa siteji ya minibasi.

Timu yangayo inkafuna ndikhalebe, koma chilichonse chimene ndinkapempha yankho lake linali “tiona.” Bondo langa lamanzere linali litayamba kutupa ndikasewera kwambiri, iwo n'kumangondipatsa bandeji. Ndiye panabwera timu ina ya ku Lilongwe, ya kampani. Iwo anati andipatsa ntchito mu ofesi, malo ogona, ndiponso ali ndi dokotala woyang'anira osewera. Pa msinkhu umene ndinali, mwayi wotere subwera kawiri. Vuto linali nthawi: kalembera wa osewera amatsekedwa ligi isanayambe, ndipo ukachedwa umakhala chaka chonse ukuonerera anzako.

Manijala wa timuyo anali bambo waulemu kwambiri, wochokera ku Mzimba. Anati, “Sindikufuna kukutenga ngati ndikuba nkhuku. Ndiyambe ndaonana ndi akwanu.” Tinagwirizana zopitira limodzi kumudzi Loweruka. Koma iye anali ndi ulendo wa ku Zomba mkati mwa sabata, ndiye pobwerera anaganiza zongopatukira yekha kuti apereke ulemu msanga. Atafika pamsewu anafunsa wakabaza kuti, “Bambo ake a mtsikana wamtali wa mpira uja amakhala pati?” Wakabazayo anamulozera.

Kwawo kwa manijalayo nkhani ya mwana imathera kwa bambo. Kwathu si choncho. Mwamuna akakwatira amakakhala kumudzi kwa mkazi, amakhala mkamwini, ndipo ana ndi a mbumba ya mayi awo. Mwini mbumba ndi mchimwene wa mayiyo. Kwa ife anali amalume, amene nyumba yawo ndi yoyamba ukamalowa m'mudzi. Bambo anga anachokera cha ku Mikolongwe. Anamanga nyumba pamalo a mayi, amalima munda wa mayi, imvi zawamerera pomwepo, koma nkhani zikuluzikulu ankangozimva zitatha. Pa chinkhoswe cha mkulu wanga anakhala kumbuyo, pafupi ndi oyimba kwaya.

Komabe mpira anandiyambitsa ndi iwo. Nditabwera kusukulu n'kuwafotokozera masewera atsopano amene tinaphunzira, anachotsa masipoko pa limu yakale ya njinga n'kuikhomera pamtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba kuti ndiziponyamo mpira. Anakhoma mopendekeka, ndipo mpaka lero ndimaponya bwino ndikaima kumanja. Kumipikisano ya sukulu ankandikweza panjinga, miyendo yanga ikukwekwesa pansi, anthu akutiseka njira yonse.

Tsiku limene manijala anapatukira kumudzi lija, galimoto yake inadutsa pakhomo pa amalume iwo ali pabwalo akuluka nkhokwe. Inawathira fumbi n'kukaima kwathu. Mayi anali kuchigayo. Bambo anaika mlendo pampando, n'kulowa m'nyumba kukavala jekete yawo ya ku Misa. Mlendoyo anafotokoza zonse mwadongosolo, kenako anati, “Bambo, mwanayu ndi wanu. Popanda mawu anu sitingamutenge.”

Madzulo ake bambo anandiimbira foni. Mawu awo anali ngati a munthu wina.

“Mwana wanga, kunabwera bwana wa ku Lilongwe, pagalimoto. Anafunsa ine. Ndamuuza kuti akutenge, ndavomera.”

Ndinangoti zikomo. Ndinadziwiratu chimene chikubwera.

Loweruka ndinapita ndekha, ndinapeza mudzi uli zii. Mayi anali atapita kale kwa amalume kukafotokoza, ndipo anabwerako maso ali ofiira. Amalume anawayankha kuti, “Chemwali, ine galimoto ndinangoidya fumbi. Poti mwanayo ali ndi bambo ake odziwa kuyankha, apite. Koma akakathyoka mwendo kumeneko, akapeza mwamuna, kaya chichitike china chimene sitifuna, musadzagogode pakhomo panga.”

Mayi anandiuza kuti, “Supita.”

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndine munthu wosachedwa kukwiya, m'bwalo la masewera anandichotsapo kangapo chifukwa cha pakamwa. Ndinawauza kuti ndine wamkulu, pa kontirakiti pamafunika dzanja langa lokha, osati la amalume, osati la wina aliyense.

Mayi sanakweze mawu. Anati, “Saina. Ukadzafuna nkhoswe udzaitane timu yakoyo. Ine ndikadzamwalira, idzabwere yomweyo kudzayendetsa maliro.”

Kusaina ndikanatha, koma ndikanasiya mayi akukhala moyang'anizana ndi mchimwene wawo osalankhulana, m'mudzi umene aliyense ndi m'bale wake.

Ndinapita ndekha kwa amalume, ndinagwada ndi bondo lotupalo. Anandifunsa za ku Blantyre, za mvula ya chaka chimenecho, za mtengo wa feteleza. Nditayamba nkhani yanga anati, “Iwe ndilibe nawe mlandu. Koma nkhani ukunenayo sindinaimve, palibe anandiuza.”

Manijala atamva anadandaula kwambiri, nati abwera kudzapepesa. Amalume anakana. Anati mlendo salakwa, sadziwa khomo loyenera kugogoda. Wolakwa ndi amene anadziwa kuti funso si lake koma n'kuyankha. Apa aliyense anamva chimene ankafuna, ngakhale panalibe amene anachitchula. Nayenso manijala anandiuza mosabisa kuti kalembera watsala pang'ono kutsekedwa, ndipo ngati sizitheka pali mtsikana wina wa ku Mzuzu amene akudikira malo omwewo.

Bambo sindinawapemphe kanthu. Ndikanayamba bwanji? Masiku amenewo ankalawirira kudimba n'kubwerako dzuwa litapendeka, osalankhula ndi munthu. Jekete ija inali idakali pa msomali pabalaza, sanaibwezere m'sutikesi. Ine ndinali nditayamba kudzikonzekeretsa kubwerera kwa anthu a “tiona” aja, ndipo ndinkadana ndi aliyense, amalume, manijala, ngakhale wakabaza uja.

M'mawa wina ndinawaona akuthamangitsa tambala wawo wofiira kuseri kwa khola. Atamugwira anamumanga miyendo ndi luzi, n'kumupanira m'khwapa. Anavala malaya a kudimba. Anauza mayi kuti, “Tiyeni kwa alamu.” Ine sanandiitane koma ndinatsatira.

Amalume anali pakhonde. Panali mpando wina wopanda munthu, ndipo anawalozera. Bambo sanakhalepo. Anakhala pansi, pa dothi, n'kuika tambala patsogolo pawo. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kusesa mabwalo osesedwa kale.

“Alamu, ndabwera ndinalakwa. Ndinayankha nkhani yosakhala yanga. Mawu amene ndinauza mlendo uja ndawabweza, muwatenge ngati sindinanene. Mwanayu ndi wanu.”

Ananena mokweza, kuti osesa aja asavutike kutchera khutu. Ine ndinayang'ana kumbali. Ndinamva chisoni chosakanikirana ndi manyazi, ndipo ndinafuna kuwadzutsa pansipo, koma ndikanaononga zonse.

Amalume anati, “Zamveka, alamu. Dzukani, khalani pampando.” Anatembenukira kwa ine. “Iwe, muuze mlendo wakoyo abwere. Ndimve chimene akufuna.”

Galimoto inabweranso, ndipo ulendo uno inaima pakhomo loyamba. Ndisawanamizire amalume, nkhani anaigwira ngati mmene amagwirira ya ukwati. Anafunsa kuti bondo likadzakana, ntchito ya mu ofesi idzatha nayo kapena ayi. Anafunsa ngati ndidzaloledwa kubwera kukachitika zovuta kumudzi ligi ili mkati. Anafunsa amene adzawaimbire foni ndikadwala. Manijala anavomera zina, zina anakana, anakokanakokana mpaka anagwirizana. Za ntchito zija anaziwonjezera mu kontirakiti, ndipo patapita zaka bondo litakanadi, ndi zimene zinandisunga. Nthawi yonseyo bambo anali chapatali, atakhala pa mtondo wogwetsedwa, akumvetsera ngati munthu wodutsa. Manijala pochoka anawapatsa moni wa manja awiri, koma sanawafunsenso kanthu.

Ndinasaina kalembera asanatsekedwe. Tsiku lonyamuka amalume anandidalitsa pakhonde pawo, mayi anandimangira mtedza ndi nandolo mu jumbo. Bambo anamangirira chikwama changa pakaliyala, tinayenda wapansi kupita kumsewu, iwo akukankha njinga. Jekete ija anali ataibwezera m'sutikesi.

Titadutsa nyumba yomaliza ndinati, “Bambo, ine ndikupita chifukwa munavomera ndinu.”

Anacheuka kuyang'ana kumbuyo. “Usamatero, anthu angamve. Ine sindinavomere kanthu. Wakulola ndi amalume ako.”

Tinafika pa siteji. Minibasi itaima, bambo anamasula chikwama n'kupatsa kondakitala. Nditakhala pansi, miyendo nditaipinda movutikira monga mwa nthawi zonse, bambo anabwera pawindo n'kutsitsa mawu.

“Koma bwana uja anayamba wafunsa ine, eti?”

“Anayamba inuyo, bambo.”

Anagwedeza mutu movomereza, natembenuza njinga kubwerera kumudzi kwa mayi.