Mdzukulu Wanga Anamugoneka Pozizira

Kwathu ku Biriwiri khanda sitiseweretsa mphepo. Ndinakula ndikuona azimayi akulowa m'chikuta atasenza nkhuni, chitseko n'kutseka, mwana n'kumukulunga mpaka kungotsala kamphuno. Ndimawasowa masiku amenewo: utsi m'maso, phala lotentha m'mamawa, azakhali akundiseka kuti ndikunyamula mwana ngati dzungu. Ana anga onse ndinawafunditsa bulangete lomwe bambo awo anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni.

Ndiye taganizani mmene ndinamvera pamene mwana wanga wotsiriza, yemwe anatsata mapazi a bambo ake ku Joni komweko, ananditumizira chithunzi pa foni. Mkazi wake anali atangochira kumene. Mdzukulu wanga anali gone chagada pa kamatiresi, thewera lokha, timawaya kumutu. Ndinaponya khasu m'munda wa kabichi n'kumuimbira.

"Iwe, kodi kumeneko nsalu zinatha? Tamufunditsani mwanayo!"

"Amayi, musakwiye," anatero. "Mwanayu sanalire msanga pobadwa. Mpweya unamuchepera, ndiye ubongo wavulala pang'ono. Kamatiresiko n'kozizira dala. Madokotala akuti akamuziziritsa masiku ochepa, kuvulalako mwina sikupitirira. Sanalonjeze, koma ife tavomera."

Mawu oti sanalire msangawo anandikumbutsa zakale. Mwana wanga woyamba nayenso sanalire msanga. Azamba anachita kumuwombera mbale kukhutu, ndipo atalira mofooka tinamufunditsa n'kusonkhezera moto. Lero ndi bambo wa imvi, amalima kuposa aliyense m'mudzi muno, koma chibadwire sanatulutsepo mawu. Ndinaopa kuti mdzukulu wanga adzakhala chimodzimodzi. Komabe zoti kuzizira n'kuchiza munthu, mutu wanga unakana.

"Anamwino akatuluka, umuponyere kansalu," ndinamunong'oneza, ngati kuti anamwinowo andimva.

"Ayi, amayi. Ndikatero ndamupweteka ndekha."

Mwana wangayu anali asanandikanizepo kanthu. Ndinadula foni. Masiku otsatirawo ndinkangoyenda ngati nkhuku yonyowa, osamuimbira, koma foni ili pa chifuwa ponseponse. Azimayi a mumpingo anabwera kudzapemphera nane. Chithunzicho sindinawaonetse, ndinkachita manyazi kuti anena kuti kubanja kwathu sitidziwa kulera.

Kenako mwana wanga anandiimbira yekha foni. Anati mwana amutenthetsa pang'onopang'ono ndipo wayamba kuyamwa. Ndinafunsa ngati adzayankhule. Anati palibe angadziwe, tidikire akule.

Kudikirako kunandiwawa. Chithunzi chimaonetsa masaya, sichionetsa lilime.

Mdzukuluyo makolo ake anabwera naye kumudzi atayamba kuthamanga, nthawi yokumba mbatatesi. Atatsika galimoto, kamwanako kanabisala kumbuyo kwa mayi ake, kali duu, chala m'kamwa. Ndinakapatsa moni, sikanayankhe. Ndinangoti basi, zabwereranso.

Mwana wanga woyamba uja anatulukira kuchokera kumunda, mbuzi ili pa chingwe. Anakhala pansi n'kukakodola ndi dzanja, monga amachitira ndi aliyense. Kamwanako kanayandikira, kanagwira khutu la mbuzi.

"Ababa aakulu, imaluma?"

Iye anapukusa mutu akuseka. Mafunso anayamba kugwa ngati matalala: imadya chiyani, imagona kuti, mayi ake ali kuti. Iye ankangoloza, kamwanako n'kumadziyankha kokha.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira. Ndinalirira wamng'onoyo chifukwa cha chimwemwe. Wamkuluyo ndinamulirira chifukwa mafunso onsewo mayankho ake ankawadziwa.