Ndinasandutsa Zambezi Kukhala Shire

Nkhani iyi ndakhala nayo pamtima zaka zingapo, ndipo ndaona kuti kuibisa sikukundichiritsa. Ine ndinatsekera mwana wa mnzanga khomo loti adzakhale ndi mayi ake. Sindinamumenye, sindinamubere kanthu. Ndinangoyankhula mawu ochepa, kapu ya tiyi ili m'manja, m'holo ya tchalitchi. Inu owerenga, makamaka inu amene mumati nsanje ndi matenda a pamitala, mumve za ine, mayi wophunzira, wa ntchito yabwino, woimba kwaya.

Ndine nesi pachipatala china ku Sheffield, kuno kunja kwa Malawi. Ndinabwera kuno ndi mapepala anga onse, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo, Joana, anabadwira konkuno. Mnzangayo ndi Esinati. Ndinamudziwira ku tchalitchi ali wopempha chitetezo ku boma la kuno, akukhala m'kachipinda kozizira ku Rotherham. Zomwe anathawa kumudzi ndi zake, sindizinena. Anasiya mwana wamkazi, Madalo, kwa mkulu wake ku Mchinji, ali wamng'ono woti sanayambe n'komwe sukulu.

Ndinkamuthandiza Esinati, chimenecho palibe angatsutse. Majekete anga akale ankapita kwa iye, Lamlungu ankadyera kwathu. Iye ankanditchula kuti asisi, ndipo pagulu ankati ine ndi mngelo wake. Koma ndinene chilungamo, chomwe chinkandikomera kwambiri sichinali kuthandizako ayi. Chinali choti iye ali pansi, ine ndili pamwamba.

Patapita zaka anamupatsa mapepala ngati wothawa kwawo, n'kuyamba ntchito yosamalira okalamba. Kwa amene simukudziwa, munthu wotere amamupatsa chiphaso choyendera chomwe angapite nacho kwina konse kupatula dziko lomwe anathawalo. Akakaponda kwawo, a imigireshoni amati ndiye kuti kunalibe choopsa, ndipo akhoza kumulanda zonse. N'chifukwa chake anthu athu amakakumanira ndi abale awo ku Zambia.

Esinati ankafunitsitsa kutenga Madalo, koma bambo ake a mwanayo ankakana za pasipoti mpaka tsiku lomwe anamwalira. Pomwe pasipoti imatuluka, mtsikanayo anali atatsala miyezi yowerengeka kuti akwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo loya anali atanena kuti akapyola pamenepo zinthu zimavuta kwambiri. Loyayo anati zingathandize mayi ndi mwana ataonana kaye, n'kujambulitsa limodzi, kuti pempho likamapita pakhale umboni woti ubale ulipo. Esinati anagwira mashifiti osapuma, n'kukonza zokakumana ndi mwana wake ku Lusaka, kenako kukakhala naye masiku ochepa kumalo oonerako nyama m'mbali mwa Zambezi. Anati akufuna malo opanda achibale ambiri, kuti azolowerane. Anandipempha kuti ndimuperekeze pamodzi ndi Joana, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkadziona ngati ndikupita kukayang'anira zinthu.

Zinayambira pabwalo la ndege pomwe. Madalo, mtsikana wamtali wovala siketi yosuwa, atangoona mayi ake anagwada pasimenti anthu onse akuona, n'kuwagwira miyendo, akulira. Nanenso ndinalira. Koma nditatembenuka ndinapeza Joana wanga, wa zaka khumi ndi zinayi, mahedifoni ali m'makutu, akusakasaka netiweki. Mwana ameneyu Chichewa amachimva chonse, koma chibadwire anali asanandiyankhepo m'Chichewa. Ndikamutuma ankandiyang'ana ngati ndamusokoneza pamsonkhano wa nduna.

Kumalo kuja tinagona m'matenti akuluakulu okhala ndi mabedi enieni. M'mamawa kunkabwera wotiperekeza, bambo wa ku Zambia komweko dzina lake a Tembo, n'kutikweza galimoto yotsegula m'mbali ya mipando yokwera ngati masitepe. Kunkazizira. Madalo anavula nsalu yake n'kufunditsa mayi ake, iye n'kumanjenjemera. Ine ndinakumbatira jekete langa ndekha.

A Tembo ankayendetsa pang'onopang'ono, akuwerenga mapazi a nyama pamchenga. Anationetsa nswala, njati zodzaza dambo lonse, ndi mikango iwiri itagona pansi pa mtengo, mimba zili tototo. Pena anazimitsa injini n'kutiuza kuti tikhale chete, ndipo njovu zinadutsa pafupi kwambiri moti ndinkamva fungo lake. Panali kamwana kena komwe kankapunthwa, make n'kumakakankha ndi chitamba. Esinati ndi Madalo anayang'anana n'kuseka chamumtima. Ine ndinagwira Joana paphewa kuti aone, iye anagwedeza phewalo dzanja langa n'kugwa. Anthu amalipira ndalama zambiri kuti akaone zimenezi, koma ine njovu sindinkaziona. Ndinkangoona awiri aja.

Chomwe chinandimaliza chinachitika paboti. Masana dzuwa litapendeka a Tembo anatitengera pamtsinje. Ng'ona zinali zitayasamula m'mphepete, nkhwazi ikulira pamwamba pa mtengo wouma, njovu zina zikuwoloka madzi zitatukula zitamba. Mwadzidzidzi mvuu inavuuka pafupi penipeni ndi boti, kukamwa kuli yasa, madzi n'kutithira tonse. Boti linapendama. Joana anakuwa, n'kudumpha kukabisa nkhope pachifuwa cha Esinati. Ine mayi ake ndinali pambali pake pomwepo, manja nditatambasula kale.

A Tembo atatichotsapo pamalopo anaseka, n'kuuza Esinati m'Chinyanja chawo chija kuti, "Amai, muli na mwayi. Bana banu babili aba bamukondani maningi."

Esinati anawauza msanga kuti mmodziyo ndi wanga. Koma mawu anali atalowa kale, ndipo anakakhala pomwe pamawawa.

Kuchokera pamenepo Joana anasintha, koma osati kwa ine. Mahedifoni anawaiwala m'tenti. Ankatsatira Madalo paliponse, akuphunzira mayina a nyama m'Chichewa, akulakwitsa, onse n'kumaseka. Tsiku lomaliza ndinawapeza pakhonde, Esinati akumuluka tsitsi, Joana atakhala pansi pakati pa miyendo yake, ali phee. Mutu womwewo ine ndikaugwira kunkakhala nkhondo. Ndinamva akuti, "Zikomo anti, zakongola." Mtima wanga unatentha. Ndinadzifunsa kuti munthu amene ndinkamupatsa majekete akale, amene anasiya mwana zaka zonsezi osamulera, zitheka bwanji kuti akolole ulemu wotere, n'kuwonjezerapo wa mwana wanga? Ine amene ndinasinthira matewera, ndinapirira mashifiti ndi chisanu, ndatsala ndi chiyani? Ndinamwetulira, n'kuwajambula chithunzi.

Titabwerera kuno, Esinati anaika zithunzi zake pa intaneti. Lamlungu lotsatira iye anali kuntchito, ndipo titaweruka mapemphero amayi anazungulira foni imodzi m'holo, akuyamikira. Wina ankati mwana waulemu, wina ankati Mulungu wamukumbukira Esinati. Dzina langa silinamveke ngakhale kamodzi. Kenako mayi wina, amene pempho lake la chitetezo linali litakanidwa kawiri, anayang'anitsitsa chithunzi cha paboti n'kundifunsa kuti, "Amake Joana, inu munali komweko. Kumeneku ndi ku Zambia zoona? Mtsinjewu ukungokhala ngati Shire."

Inu owerenga, yankho linali lapafupi. Ndikanangoti eya, ndi Zambezi. Koma ndinamwa tiyi kaye, n'kuseka pang'ono, ndipo ndinati, "Ine musandifunse zambiri, ndingamuike mnzanga m'mavuto. Kodi mvuu za ku Liwonde simuzidziwa?"

Amayi anayang'anana. Ndinamva kukoma, sindikubisirani. Kukoma kwake kunatha ndisanafike n'komwe pamalo okwerera basi.

Ndinadzitonthoza kuti inali nthabwala, ithera pomwepo. Koma m'dera mwathu muli anthu ambiri otopa ndi kudikira mapepala, ndipo munthu wotopa akamva kuti mnzake amene anapatsidwa akukasangalala kwawo komwe anati kuli imfa, sagona nazo. Amene anakanena kwa a imigireshoni sindimudziwa mpaka lero, ndipo sindimuimba mlandu. Iye anangonyamula katundu amene ine ndinamanga.

Sipanapite nthawi, Esinati anaitanidwa. Anamufunsa mafunso, chiphaso chake n'kuchisunga kuti afufuze. Zidindo za ku Zambia zinalimo, koma aliyense amadziwa kuti anthu amatha kudutsa malire osadinditsa, choncho zidindo zokha sizinathetse nkhani. Loya anati pempho la Madalo liyambe laima, poti munthu amene mapepala ake omwe akukayikiridwa sangaitanitse mwana. Esinati anandiimbira akulira, kundipempha kuti ndikachitire umboni woti sitinaponde ku Malawi. Ndinapita kwa loya uja, ndipo pakamwa pomwe panatuluka bodza panatulukanso chilungamo. Potuluka Esinati anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti sakudziwa kuti akanatani popanda ine.

Kufufuzako kunatenga miyezi. Pamapeto pake anapeza kuti analibe mlandu, chiphaso n'kumubwezera. Koma tsiku lobadwa la Madalo linali litadutsa. Anayesabe kupempha, anakanidwa. Anachita apilo, anakanidwanso.

Ndikanatha kufa nacho chinsinsi changa, koma ndinali nditaiwala kuti tsiku lija m'holo Joana anali kumbuyo kwanga akutenga mabisiketi. Tsiku lomwe apilo inakanidwa, ndikumuuza ndi nkhope yachisoni, anandiyang'ana m'maso. Kenako anati anamva zonse zomwe ndinanena, ndipo wakhala akudikira kuti ndiulule ndekha. Anati ndikapanda kupita ine kukamuuza Esinati, apita iyeyo.

Loweruka ndinakwera basi ya ku Rotherham. Esinati ndinamupeza m'kachipinda komwe anakonzera Madalo. Anali atapaka penti yachikasu, atagula bedi ndi kadesiki, ngakhale nsapato za chisanu zinalipo, zikadali m'bokosi. Ndinamuuza zonse nditaimirira. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, mwina kundimenya kumene, ndipo zikanandipepukira. Iye anangokhala pabedipo, akuyang'ana pakhoma.

Ali pomwepo anati, "Asisi, mukanangondiuza kuti zikukuwawani. Joana ndikanamusiya, tsitsi lake sindikanaligwira. Inu mwana wanu mumagona naye nyumba imodzi."

Kenako anandipempha kuti ndimugwirire mbali ina ya bedilo, chifukwa panali banja lina lomwe linkabwera kudzalitenga. Tinalimasula awiri, n'kulitsitsa pamasitepe chidutswa chimodzichimodzi. Titamaliza ananditsegulira chitseko. Anasintha tchalitchi, ndipo tikakumana m'tauni amandipatsa moni ngati munthu amene anangomuonapo penapake.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine ndinasiya mlomo, koma amene unamutsata kwambiri si ine. Ntchito yanga ikadalipo, nyumba yanga ikadalipo. Joana anakula, anapita ku yunivesite ku Salford, ndipo amandiimbira mwa apo ndi apo, mwaulemu, ngati akuyankhula ndi aphunzitsi ake akale. Amene analipira ndi mtsikana amene sanandilakwire chilichonse.

Inu owerenga, ngati muli ndi munthu amene mumamuthandiza, dzifunseni lero ngati mudzapirire tsiku lomwe adzaseke kuposa inu. Ngati mtima wayamba kutentha poona chimwemwe cha mnzanu, thawani pagulu, kalirireni kwanu, kapena muuzeni mwini wakeyo poyera kuti mnzanga, zako zikundipweteka. N'zochititsa manyazi, koma manyazi amatha. Ndipo inu amene muli kunja kuno, dziwani kuti pakati pathu pali anthu amene moyo wawo wonse wapachikika papepala limodzi. Zomwe inu mukuti nthabwala za patiyi, kwa iwo ndi nkhwangwa. Musamayankhe funso lokhudza mapepala a munthu mtima uli wowawa.

Madalo akadali ku Mchinji, amasoka zovala pamsika. Mayi ake amakakumana naye ku Zambia ndalama zikalola. Esinati sanamuuze chomwe chinachitika, sindikudziwa chifukwa chake. Choncho Khirisimasi iliyonse foni yanga imalira, ndipo ndimapeza uthenga wochokera kwa mtsikana uja: "Anti, Mulungu akudalitseni chifukwa cha zonse munatichitira ine ndi amayi." Ndimauwerenga, ndimayamba kulemba, n'kufufuta. Mpaka lero sindinamuyankhepo.