Dzanja lomwe ndinkakweza

Malungo aakulu atandisiya, makutu anga sanabwerere mwakale. M'kalasi ndinkangoona milomo ya aphunzitsi ikuyenda. Tsono titamva kuti pachipatala chathu chaching'ono, kuseri kwa mapiri a ku Mvera, akuyeza makutu ndipo opezeka ndi vuto akuwalemba kuti adzalandire timakina tothandiza kumva, ndinalawirira wapansi.

Adokotala ake sanali pamenepo. Anali kutali, tinkangowaona nkhope pa kompyuta. Lamulo linali lakuti munthu akamayezedwa chotero, anamwino azikhala naye m'chipindamo. Anamwino athu anandiveka zomvera kumakutu, nandiuza mokuwa kuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Asanakhale n'komwe pansi, kunja kunafika ngolo itanyamula mayi woyembekezera.

"Ukhale phee, mwanawe. Akakufunsa, unene kuti ndilipo."

Anatuluka, natseka chitseko.

Ndinamva kakulira kakang'ono, ngati ka udzudzu uli patali. Ndinakweza dzanja. Kanabweranso, ndinakwezanso. Adokotala ankamwetulira, ine mumtima ndinati ndikukhoza. Patapita nthawi ndinazindikira kuti sakuphethira. Nkhope inali itauma, milomo ili yasa pang'ono, maso ali pa ine. Netiweki inali itathawa kalekale, koma kulira kuja kunkabwerabe.

Ndinavula zomvera zija. Sikunaleke. Ndinasuzumira pansi pa tebulo, kudenga, pawindo. Nditatseka makutu ndi zala, m'pamene kunakula.

Nkhope ija itayambanso kugwedera, ndinavala zomvera msangamsanga.

"Iwe, chiyambire ukukweza dzanja ine ndisanatumize kulira kulikonse," anatero adokotala. "Anamwino ali pomwepo?"

"Alipo."

"Aona kuti zida zili bwino?"

Ndinayang'ana mpando wopanda munthu. "Aona."

"Ndiye ukusewera nane, kapena ukungofuna kamakina. Zotsatira zoterezi sindingakulembe nazo. Pali anzako akudikira."

Ndinkafuna kuwauza kuti kulirako ndikukumva ndithu, ngakhale pamene akulankhulapa, koma sindinazolowere kutsutsa akuluakulu. Ndinangoti zikomo.

Pakhonde ndinakumana ndi anamwino akusamba m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Zayenda, mwanawe?"

"Zayenda bwino."

Mayina a olandira timakina atamatidwa pakhoma la chipatala, ndinawawerenga kawiri ndi chala. Langa panalibe. Ndinabwerera kusukulu, n'kupempha kuti andisunthire pa desiki yakutsogolo.