Lero Kulibe Nangozo

"Agogo ako amacheza ndi mizukwa ku sinema! Nawenso ukununkha mileme!"

Anakuwa choncho ndi Domingu, mwana wa aneba athu ku Chimadzi, tili pamzere wotunga madzi. Ndinamumenya ndi chigubu pakamwa mpaka dzino linagwedera. Mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale, sindibisa. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti mnyamatayo sankanama. Agogo anga aamuna ankanunkhadi mileme, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira, fungo limenelo ndi limene limayamba kufika.

Tinali titangobwera kumene kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Kwathu ku Tsangano m'minda munali mudakali mabomba, ndiye amalume anga a Zuze, amene anapeza ntchito yoyendetsa lole ya simenti, anatitengera ku Tete. Tawuni yonse inkangomveka nyundo ndi malata. Agogo ankakhala pansi pa mtengo wa masawu kumapanga nyale za koloboyi ndi zitini za mafuta a chithandizo, utsi wa makala ukuwalowa m'maso, kanyundo kawo kakulira ngo, ngo, ngo, osayankhula ndi munthu. Dzuwa likafika paliwombo ankasamba m'manja, kuvala jekete, kutentha kwa ku Tete konse kuja, n'kunyamuka ulendo wa ku sinema. Pobwerako ankaima pakhomo n'kuwauza mayi anga mawu awiri okha: "Lero kulibe."

Sinemayo inali ya nthawi ya Apwitikizi, ndipo inatsekedwa nkhondo ili mkati. Anthu ankati onse amene anafa osaikidwa m'manda amasonkhana mmenemo masana, poti mu Tete monse ndi mokhamo mmene munali mdima ndi kuzizira. Amakhala m'mipando, ati, kuyang'ana chinsalu chong'ambika, kudikira filimu yosayamba.

Agogo aakazi, a Nangozo, ine sindikuwadziwa nkhope. Ndili wakhanda anakwera koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, kubwera ku Tete kuchipatala cha maso. Koluna inawotchedwa panjira. Mtembo wawo sunapezeke, ndipo ena ankati anawaona akutengedwa amoyo kulowa m'tchire. Kwathu mtembo ukasowa timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda, kuti maliro athe. Amalume ankafuna zimenezo.

"Bambo, tiike nthochi, mayi agone. Tikhala amasiye osalira mpaka liti?"

"Nthochi ili ndi mpata wa m'mano ngati amako? Ukaipeza yotero ubwere nayo, ndilira."

Tsiku la ndewu lija ndinawatsatira agogo, ndili ndi ukali wofuna kuwakoka jekete kuti asiye kutichititsa manyazi. Analowera kuseri, pamene lata linakanuka. Mkati munali zii. Mileme inkalira kudenga, pansi ponse pali tudzi take tofewa ngati ufa, ndipo thukuta langa linauma nthawi yomweyo. Agogo anavula chipewa n'kuyamba kuyenda mzere ndi mzere, akuwerama pa mpando uliwonse wopanda munthu. "Zikomo, ndidutse nawo. Pepani mayi, ndakupondani."

Atandiona sanadabwe n'komwe.

"Wabwera kudzaona misala ya agogo ako? Usakhale pamenepo, pali munthu. Pita kumapeto uko."

"Mukuona ndani, agogo?"

"Ambiri. Ena ndi akwathu ndithu. Koma gogo wako mulibe. Akanafa akanakhala kutsogolo kuja, mkazi ameneyu ankakonda zoonerera kuposa kuphika."

Anaseka pang'ono, yekhayekha, mawu ake n'kubwerera kuchokera kuchipupa. Ndinazindikira kuti mkuluyu sankapita kukamupeza mkazi wake, ankapita kukamusowa. Kuyambira tsikulo ndikaweruka ku sukulu ndinkakhala kumapeto kuja kuwadikira amalize mizere yawo. Anzanga anasiya kusewera nane. Sindinadandaule kwenikweni.

Mvula itadutsa, munthu wina wamalonda anagula nyumbayo kuti azisungiramo katundu. Tinafika masana ena n'kupeza mipando yonse yazulidwa, yaunjikidwa panja miyendo m'mwamba. Theka la denga anali atasasula, dzuwa lili phwii mpaka pachinsalu.

"Madala, panja! Filimu inatha kalekale!" anakuwa kapitawo, anyamata ake n'kufa nako kuseka.

Ndinatola njerwa. Agogo anandigwira dzanja mwamphamvu moti zala zawo ndimazimvabe. Sanamuyang'ane kapitawoyo. Ankayang'ana simenti yambee pamene panali mizere.

"Awathamangitsira kuti anthu aja? Ndikawayang'ana kuti tsopano?"

Kunyumba mayi anasiya kupeta, kudikira mawu awiri aja. Agogo anangowadutsa. Anakhala pansi pa mtengo mpaka amalume ataweruka.

"Zuze, mawa ukadule nthochi yako ija."

"Mwawaona mayi?"

"Ayi. Koma sindingathenso kunena kuti kulibe."

Pano ndine bambo wa imvi. Nyumba ija ndimaidutsa popita kuntchito, muli matumba a mpunga ndi matayala. Agogo anagona pafupi ndi nthochi yawo, ndipo ndikapita kukalambula ndimalambula manda amodzi okha, a agogo aamunawo. Achibale amandinena, ndimawauza kuti akalambule okha.

Koma m'mawa wa tsiku lodula nthochilo ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Ndinasolola chikwanje cha amalume kuseri kwa chitseko, ndinayenda mpaka pamlatho, n'kuchiponya pakati pa Zambezi. Pobwerera ndinapeza amalume apita kale kudimba ndi chikwanje chobwereka, mayi akuchapa nsalu yokulungira. Agogo anali atakoleza makala awo. Anandiyang'ana manja.

"Chamira?"

"Chamira."

"Bwera undigwirire chitini ichi."