Siyani ndi Pasiwedi ya Abusa

Siyani Kachingwe sanakhalepo m'kalasi ya makompyuta ngakhale tsiku limodzi. Sukulu yake inali ya taipi, kwawo ku Dedza, pa makina aja ophulika ngati chimanga m'chiwaya. Boma litamutumiza ku Mzuzu mu 2008, amayi ake analira ngati mwana akupita ku Joni. Anamulongedzera mabulangete awiri ndi malangizo akuti asakatengeke ndi amuna akutali. Mabulangetewo anagwira ntchito. Malangizo sanafunike, chifukwa amuna amene anayesa mwayi ankayankhidwa moti ankaiwala chimene abwerera.

Ukatswiri unamugwera mwangozi. Tsiku lina pulinta ya mu ofesi inakana kutulutsa mapepala, amuna anayi a mataye ataizungulira ngati ali pa siwa. Siyani anatsegula kumbuyo, n'kutulutsamo chotokosera m'mano ndi banja lathunthu la mphemvu. Kuyambira tsikulo anakhala "mama wa IT", ndipo chilichonse chokhala ndi waya chinasanduka chake: ketulo, wailesi ya alonda, foni ya akazi a bwana. Mankhwala ake anali kuzimitsa, kuwerenga mpaka teni, n'kuyatsanso. Zikakanika, ankawerenga zimene zalembedwa pa sikirini, ntchito imene anthu a madigiri amachita nayo manyazi.

Atatopa ndi boma analowa ku bungwe lina la alimi a njuchi, ka ofesi ka zipinda zitatu cha ku Katoto. Bwana wake anali a Allan Mhango, amene ankalankhula za njuchi m'misonkhano ngati anabadwira mu mng'oma, chonsecho ikalowa imodzi pa zenera ankayamba ndiwo kutuluka.

Chaka chatha alangizi a bungwelo anapatsidwa mafoni oti azilembamo ming'oma ya mlimi aliyense: ingati ili ndi njuchi, ingati zathawamo. Koma mayina onse a alimi ankakhala mu detabesi, nkhokwe ya mayina imene inali m'kompyuta yakale pansi pa tebulo la bwana. Mafoni ndi nkhokweyo sizinkalankhulana. A Allan anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi yankho, pulogalamu ya pa intaneti yoti izitenga zolembedwa m'mafoni n'kukazitula mu nkhokwe. Siyani atamva ntchito yake anaitcha ankhoswe.

"Mama, mungolumikiza basi," anatero a Allan Lolemba m'mawa. "Ntchipusu chomene. Lachisanu kukubwera alendo, aone zikuyenda."

"Ngati n'chapafupi, bwanji osalumikiza inuyo, bwana?"

"Ine ndi wa mapulani," anayankha akuvala jekete.

Daisy, mtsikana wa ku kampani ya pulogalamuyo, ankamutsogolera pa foni kuchokera ku Lilongwe. Pa sikirini panali timabokosi tisanu toti adzazemo: adiresi ya kompyuta yosunga nkhokwe, nambala ya khomo lolowera, dzina la nkhokwe, dzina la wolowa, ndi pasiwedi. Tinayi toyambirira Siyani anatipeza m'kope lakale lonunkha chinyontho. Pa pasiwedi panalembedwa kuti "funsani Frackson". Anayesa dzina la bungwe, anayesa "uchi", anayesa 1234, koma akadina batani loyesera, sikirini inkayankha ndi mzere wofiira.

"Frackson ndi ndani?" anafunsa Daisy.

"Ndi amene anamanga nkhokweyi. Pano ndi abusa."

A Frackson Gondwe anachoka pa bungwelo Siyani asanafike, atakangana ndi a Allan pa nkhani ya njinga yamoto ya ofesi. Patangotha mwezi anamva kuitanidwa, n'kutsegula mpingo wa malata ku Mzilawaingwe. Siyani atawaimbira, anati zinthu zotero sizinenedwa pa foni. Atawapempha kuti atumize uthenga, anati apemphere kaye. Lachitatu Siyani anamanga chitenje pamwamba pa siketi, n'kukwera kabaza m'kamvula kowaza ka mu Juni kamene kamalowa mpaka m'mafupa.

Anawapeza pakhonde atavala suti yofiirira. Akazi awo, a Keziya, ankasankha nyemba m'lichero.

"Monire, adada. Monire, mama."

"Yewo, yewo," anayankha a Keziya, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Mkazi wachilendo wofuna amuna awo mkati mwa sabata sinali nkhani yoisiyira mphepo. Anakokera mpando wawo pafupi.

Siyani anafotokoza chimene wabwerera. Abusa anakhosomola, n'kuyang'ana kudenga.

"Mayi, zakale zinapita. Ine ndine wolengedwa watsopano. Ndinaiwala."

"Inu kuiwala?" anatero a Keziya. "Mumakumbukira amene sanabwere ku mapemphero chaka chatha, tsiku lake ndi malaya amene anavala sabata yotsatira. Awuzeni mama, anyowa ndi mvula."

"Kapena upite ukatiikire tiyi," anatero abusa kwa akazi awo.

"Makala atha."

Abusa anapempha pepala. Analemba ataphimba ndi dzanja ngati mwana wa pa mayeso, n'kulipinda kanayi. Koma pepalalo popita kwa Siyani linayenera kudutsa pamwamba pa lichero, ndipo silinadutse. A Keziya analifunyulula n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati akuwerenga zolengeza.

"SharonWanga2017." Anaika lichero pansi. "Ukwati wathu tinamanga 2014."

"Ndi dzina la m'Malemba," anatero abusa msangamsanga. "Chigwa cha maluwa. Ndinkasinkhasinkha za kukongola kwa chilengedwe."

"Chigwa chake ndi chija chinkagulitsa mayunitsi pa depoti? Cha mpata m'mano chija?"

Siyani anakopera mawuwo m'dzanja lake ndi bolopeni, chifukwa zinali zoonekeratu kuti pepalalo silichoka pakhomopo. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati S ndi W ndi zilembo zazikulu. Abusa anagwedeza mutu movomera, osamuyang'ana. Siyani anatsanzika, koma palibe anamuperekeza. Ali pa msewu kudikira kabaza, anamva mawu a Keziya atasiya Chichewa n'kulowa m'Chitumbuka chozama, cha ku Rumphi, chimene Siyani pa zaka zake zonse za ku Mzuzu anali asanachimvepo. Anatolapo mawu atatu atsopano.

Atafika ku ofesi analemba pasiwedi ija mosamala, n'kudina. Mzere wofiira.

Banja la eni ake linali pamoto chifukwa cha mawu osagwira ntchito. Anamuimbira Daisy.

"Werengani zimene yalemba, anti."

"Akuti kompyuta ya nkhokwe sikuyankha."

"Ndiye si pasiwedi. Ankhoswe anuwo akugogoda pa nyumba yopanda anthu. Kompyutayo ndi yoyaka?"

Siyani analowa mu ofesi ya bwana, n'kugwada pansi pa tebulo. Kompyuta inali zii, yozizira ngati mwala. Pa soketi yake panali pulagi ya hita imene a Allan ankawothera mapazi chiyambire kuzizira. Anaizula, n'kubwezeretsa ya kompyuta, n'kuiyatsa. Poikokera pafupi kuti aipukute fumbi, anaona kumbali kwake kachigamba ka pulasitala kakale kachikasu. Panalembedwa ndi dzanja lomwe lija: SharonWanga2017.

Anakhala pansi pomwepo kwa kanthawi. Mawu amene anakawatenga ku Mzilawaingwe pa mvula anakhala zaka zonsezo pafupi ndi mapazi a bwana. Anafuna kuseka, anafunanso kulira. Anamatula kachigambako, anakapinda, n'kukaponya m'chimbudzi. Sanauze munthu.

Atabwerera pa mpando wake anadinanso batani. Kachizindikiro kanazungulira, kanazunguliranso, kenako mzere wobiriwira. Posakhalitsa zolemba za mlangizi wa ku Chikangawa zinayamba kutsika m'nkhokwe, mlimi ndi ming'oma yake, mmodzi pambuyo pa mnzake. Siyani anaziyang'ana mpaka tiyi wake anazizira. Daisy anamuuza kuti asinthe pasiwedi tsiku lomwelo, ndipo anaika mawu osakhudza mwamuna kapena mkazi wa munthu aliyense. Pa soketi anamatapo pepala lakuti wozula pulagi iyi adzafotokoza yekha kwa alimi.

Lachisanu a Allan anaimirira pamaso pa alendo atavala masokosi awiriawiri, n'kufotokoza kwa mphindi makumi anayi mmene anagonjetsera mavuto aakulu a luso lamakono. Siyani anagawa mabisiketi. Ku Mzilawaingwe, abusa analalikira masabata atatu otsatizana za kuopsa kwa makompyuta, ndipo akuti anthu anapindula nawo kwambiri.

Siyani akadali pa bungwelo. Akukhala m'kanyumba kake ku Katoto ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri, ndipo anthu a mu mzere wake amamubweretserabe mafoni akufa pa Sabata masana. Kwa miyezi iwiri ankazemba mbali ya msika imene a Keziya amagulitsira nyemba, mpaka tsiku lina anamva dzanja litamugwira pa chigongono.

"Mama wa IT, mukundithawa?"

Siyani anayamba kupepesa, koma a Keziya anamudula. Anamuthirira nyemba m'jumbo, n'kuwonjezera basera wa manja awiri.

"Abusa masiku ano amasesa pabwalo," anatero. "Amachapanso okha masokosi. Dzulo anandigulira nsapato osawapempha." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Kompyuta yanu ija, ilibe mapasiwedi ena amene anaika iwowo? Mukawafuna, mudzabwere Lachitatu. Ndimakhala ndilipo."