Ngalande Yomwe Inakhota

Mtengo unagwera bambo a mtsikana wina sabata yomwe mtsikanayo analephera mayeso kachiwiri. Bambowo anali atasoka nsapato pansi pa mtengowo kwa zaka makumi awiri, ndipo anamwalira nsapato ya kasitomala ili m'manja.

Anthu anati mitengo isanu ndi iwiri yotsala mumsewumo idulidwe. Mtsikanayu atapita kukatola zida za malemuwo, anayang'ana chitsa chomwe chinazukacho. Mbali imodzi mizu inali yoduka mowongoka ngati buledi wocheka ndi mpeni. Apo ndi pomwe amisiri anakumba ngalande ya mapaipi zaka zitatu m'mbuyomo. Mtima unamuwawa koopsa: mtengowo unalibe mlandu.

Analowa ntchito yosesa mumsewu womwewo. Mukudziwa inunso, wosesa ena samupatsa ndi moni womwe. Koma ndi iye amene ankaona kuti mtengo womwe akumba pafupi nawo umayoyola masamba nthawi isanakwane. Ankapempha mapepala otayidwa ku ofesi ya mapulani a mzinda, n'kudziphunzitsa kuwerenga mizere yake. Kanayi konse anakadandaula kumeneko, ndipo kanayi konse anabwezedwa pakhomo. Pomuseka anamutcha Mayi Mizu.

Kenako kunabwera pulani ya ngalande yatsopano, yodutsa m'tsinde mwa mitengo ija. Pamsonkhano wa anthu okhala m'deralo, injiniya wamkulu anati, “Musadere nkhawa, thunthu lililonse tilitchinga ndi malata.”

Wosesa uja anaimirira. “Pepani bwana, mtengo simaufera pa thunthu. Tiyeni panja masana ano. Pomwe pathera mthunzi, mizu yafika pamenepo, mwinanso kupitirira.”

“Mwaziphunzira kuti zimenezi, mayi?”

“Pa chitsa chomwe chinapha bambo anga.”

Injiniyayo anatuluka nayedi, nauza anyamata ake akumbe ndi manja pomwe chala cha wosesayo chinaloza, mamita asanu kuchokera pa thunthu. Anapeza muzu waukulu ngati mkono wa munthu.

Ngalande ija inakhota. Lero mayiyu, atabwerera kusukulu, ndi amene amayendera malo omangapo nyumba asanakumbe, ndipo dzina lachipongwe lija amaliyankha mosangalala. Pansi pa umodzi mwa mitengo ija pakhala wosoka nsapato wina, yemwe sadziwa n'komwe chifukwa chake msewuwo udakali ndi mthunzi.

Inu amene mwabwezedwa pakhomo kanayi, musafooke. Kagogodeni kachisanu.