Chifuwa chinandigoneka, kalata inati ndathawa ntchito

Chinayamba ngati chifuwa wamba m'mwezi wa Januwale, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo wothyola aliyense amalimbirana makilo. Ndinkatsokomola m'mamawa tikamalowa m'munda, ndipo ndinkati ndi mame. Ndinagula mapilitsi pa okala ku Chinakanaka, ndinamwa madzi a mandimu, koma osasintha. Pofika Febuluwale, dengu limene ndinalibereka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa esiteti ya tiyi linayamba kundilemera lisanafike ndi theka lomwe. Ndikagona thukuta linkanyowetsa chitenje, chakudya sichinkalowa, siketi ndinkachita kumanga ndi chingwe. Chinandichedwetsa kupita kuchipatala ndi kunyada, sindibisa. Ine Esinati, amene ndinali ndisanajombepo nyengo ya masamba, ndikagone pabedi anzanga akukweza makilo?

Lachitatu lina ndinagwa ndili pamzere wa sikelo. Achimwene anga, a Lusiyano, ananditengera pa kabaza kuchipatala cha mishoni. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Anandiyeza makhololo, anandijambula pachifuwa, ndipo tsiku lotsatira adokotala anati, "Mayi, ndi chifuwa chachikulu. Chimachira, koma mwabwera mochedwa. Mugona kuno."

Kwathu kuno uthenga wa matenda timatuma munthu, monga timachitira ndi wa maliro. Achimwene anapita kunyumba kwa akapitawo athu, anakhala pansi, nafotokoza zonse mwaulemu wake. Akapitawo anati amva, ndikachire. Kwa ine nkhani inali yatha pamenepo. Zoti ku ofesi amangomva pepala sindinaziganizire n'komwe.

M'wodi ndinakhala masabata atatu. M'mawa uliwonse anamwino ankabwera ndi mapilitsi, kuima pomwepo mpaka nditameza, kenako n'kuchonga pakhadi. Mkodzo unasanduka wofiirira, ndinachita mantha, koma anati ndi mankhwalawo. Lolemba lililonse ankatikweza pasikelo. Nditatuluka ndinapitiriza kumwera kunyumba, achimwene akuchonga khadi lija, ndipo sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi.

Mu Epulo miyendo italimba ndinapita kuntchito ndi kalata ya adokotala. Kalaliki sanaiwerenge. Anandipatsa ina yochokera ku ofesi, yonena kuti ndachotsedwa chifukwa ndinathawa ntchito. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chifuwacho. Ndinagwa pamaso pa anthu onse, ndiye ndinathawa bwanji? Komanso kuno munthu akalembedwa kuti ndi wothawa, dzina limayenda, ndipo palibe esiteti ina ingamulembe.

Pa tsiku langa lokaonedwa, anamwino anapeza kuti sikelo yatsikanso. Nditawauza chifukwa chake anati, "Kudwala si mlandu, mayi. M'buku lanu la chipatalali muli zidindo za masiku onse. Pitani nalo ku leba, ndipo musachedwe, madandaulo a ntchito ali ndi nthawi yake."

Ndinapita sabata yomweyo. Ofesi ya leba ku boma inaitana mbali zonse ziwiri kuti tigwirizane. A ku esiteti anakakamira zoti palibe pepala linawafika. Zitakanika, nkhani inatumizidwa ku khoti la milandu ya ntchito ku Blantyre. Kudikira kwake kunali kwakutali kuposa kwa pabenchi ya chipatala. Ndinamaliza miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala, makhololo anapezeka opanda kachilombo, mvula inagwa n'kusiya, mlandu usanalowe. Kawiri konse tinakwera minibasi n'kungouzidwa kuti wasunthidwa. Abale ena anati ndizisiye, wothyola tiyi sangalimbane ndi kampani. Ndinawayankha kuti munthu amene wameza mapilitsi aja miyezi yonseyo sangatope ndi kudikira.

Tsiku la mlandu ndinaima ndekha n'kufotokoza m'Chichewa changa chomwechi, buku la chipatala lili m'manja. Oweruza anafunsa a ku esiteti ngati anandiitana kuti amve mbali yanga asanandichotse. Anavomera kuti sanatero. Kenako anafunsa akapitawo ngati uthenga unawafika. Bambo aja, abwana awo ali pomwepo, ananena kuti, "Unafika ndithu. Anabwera achimwene awo kunyumba kwanga." Mpaka lero ndimawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo.

Khoti linagamula kuti ndinachotsedwa mopanda chilungamo, popeza panalibe chifukwa chomveka komanso sanandipatse mwayi wodziyankhira. Linafunsa ngati ndikufuna kubwezeretsedwa pantchito. Ndinakana, poti mapapo anga sakanathanso mame a m'mamawa. Choncho linalamula chipepeso molingana ndi zaka zimene ndinagwira, pamodzi ndi malipiro a notisi ndi ndalama zosiyira ntchito. Ndinapemphanso kalata yosonyeza zaka zanga zonse, ndipo ndinaiwerengetsa kawiri ndisanailandire.

Lero ndili bwino. Thupi linabwerera, ndimalima nanazi ndipo ndimagulitsa ndekha ku Chinakanaka. Pamtunda pokha ndiye ndimaima kaye kuti ndipume, chifukwa adokotala anati m'mapapo munatsala zipsera.

Anzanga a m'minda ya tiyi, chifuwa chikapitirira masabata awiri pitani mukayezetse, makilo adzakupezani. Mukagonekedwa tumani munthu monga mwa mwambo wathu, koma m'manja mwake mukhale pepala la chipatala. Akakuchotsani osakumvani, musakalirire kuchipinda, pitani ku leba msanga. Kuchedwa kwanga kunandisiyira zipsera zimene khoti lililonse silingalipire, ndipo mlandu umenewo ndi wanga. Koma m'mabuku a esiteti ija, pa dzina la Esinati, palibenso mawu oti anathawa.